Gulu Lachitatu la Kelepi

"Lembani tsiku la lero penapake," anatero Kelepi, chikho cha kava chili m'mwamba ngati wawina ligi. "Ine Kelepi, mwana wa Sitaleki, ndikhala mwana wa ku zilumba za Tonga woyamba mu Sydney muno kutomera mkazi banki ikumulipira. Inu nonse munakwatira mukulira. Ine ndikwatira banki ndiyo ikulira."

Linali Loweruka masana m'galaja ya mnzake Manase, ku Mount Druitt. Galimoto inatulutsidwamo chaka chimene inagulidwa ndipo sinabwererenso. Malo ake anatenga mkeka, beseni la kava, chakumwa cha mizu cha kwathu ku Tonga, ndi amuna asanu ndi mmodzi amene akazi awo ankadziwa kuti ali kokonza mpanda wa tchalitchi.

"Khala pansi, toko mnzanga, kava wakukwera," anatero Manase. "Mkazi wake uti? Lesieli? Nanga azakhali ako?"

Apa amuna onse anayang'ana m'zikho zawo. Dzina la Azakhali Kalolaine silitchulidwa mwachisawawa, ngakhale m'galaja yotseka. Kwathu mlongo wa bambo ako ndiye denga la banja. Iye akakhala pampando, ena nonse pansi. Akaloza chinthu m'nyumba mwako ndiye kuti wanyamula kale. Akakana mkazi, ukwatiwo wafera m'mazira. Bambo ake a Kelepi, chimunthu chodzaza khomo, pamaso pa mlongo wawoyo ankasanduka mphaka wonyowa.

Ndipo Azakhali anali atakana kale. Mlandu wa Lesieli unkadziwika ndi aliyense. Tsiku lina pa kava wosonkhetsa ndalama za tchalitchi, atamupempha kuti akhale pabeseni azitungira amuna monga amachitira atsikana aulemu, iye anayankha kuti, "Ine si mpopi. Manja muli nawo." Kelepi anali m'gulu la amuna amene anauzidwa zimenezo, ndipo anagwa m'chikondi pomwepo, chikho chili gwa m'manja.

"Azakhali ndi munthu," anatero Kelepi. "Banki nayonso ndi anthu. Munthu aliyense ali ndi batani lake, ungodziwa podina. Koma ine? Palibe banki, palibe mkazi, palibe azakhali amene anandiwerengapo. Ndine kalata yomata, ine."

Mnyamatayu sukulu anaisiya iyo isanamusiye, koma masamu okhala ndi chizindikiro cha dola ankawamva ngati nyimbo. Amunawo anangomuthirira chikho china. Mbuzi ikakondwa, inu mukudziwa amene amakhala pafupi.

* * *

"Wati nkhani yokhudza moyo wathu," anatero Lesieli Lolemba lotsatira, atakhala moyang'anana naye pamalo ogulitsira nsomba ndi tchipisi ku Blacktown. "Ndayendetsa kuchokera kwathu ku Campbelltown. Yankhula."

Kelepi anamuikira foni patsogolo. Panali zithunzi za makhadi atatu a ngongole.

Lesieli anayang'ana foniyo, kenako mwini wake. "Kelepi. Ndadzola milomo chifukwa cha khadi la ku banki?"

"Dikira kaye, iwe. Taona ili. Limakubwezera senti imodzi pa dola iliyonse, kaya wagula chiyani. Ili ndi mwamuna wopereka moni kwa akazi onse, palibe amene amakhuta naye. Ilo lachiwiri limakupatsa mapointi a ndege. Akamakwana oti ufike ku Tonga, mano atatha m'kamwa, nyama ukungoinyambita. Koma ili!" Anadina lachitatu ndi chala cha mafuta a tchipisi. "Masenti asanu pa dola. Koma osati pa chilichonse. Amakupatsa magulu khumi ndi awiri, iwe usankhepo atatu amene umawonongerapo kwambiri. Pakatha miyezi itatu, ukafuna usintha."

"Ukachedwa kulipira?"

"Amakudula khosi. Koma ine sindichedwa."

"Tsiku lathu loyamba unachedwa ola lathunthu."

"Iwe sunkaika chiwongoladzanja."

"Ukulipira mpaka lero, kungoti sukudziwa." Lesieli anamulanda foni n'kuyamba kutsitsa mndandanda. "Mafuta a galimoto. Zakudya za m'sitolo. Malo odyera. Zovala. Maulendo. Mankhwala. Eya, ndiye apa munthu sangabisale. Zimene usankhezo ndiwo akazi ako atatu. Sankha ndikuona."

"Loyamba mafuta. Chikondi changa chimamwa petulo. Ukanakhala wa ku Mount Druitt bwenzi ndili ndi nyumba ziwiri."

"Ukanapeza wa ku Mount Druitt wokulola, bwenzi utasiya petulo. Lachiwiri?"

"Zakudya za m'sitolo. Limenelo ndi la Azakhali. Maliro aliwonse, phwando lililonse la tchalitchi, ogula ndi iwo: makatoni a nyama ya m'chitini, matumba a chinangwa, zilazi. Ndiwatengera khadi lawolawo pa akaunti yanga yomweyi, zobwezedwazo zikhale zawo. Afewa ngati nthochi."

"Ukuganiza kuti mayi aja angagulike ndi masenti? Ali ndi zawo zikuwadya. Pamaliro paja ndinaona kuti masiku ano savalanso mphete ya malemu amuna awo. Iwe unaona?"

"Ine sindiyang'ana zala zawo. Ndimayang'ana pakamwa, pomwe pamachokera ngozi."

"Lachitatu?"

Kelepi anatenga foni yake, anaitembenuzira kukhoma, anadina, n'kuiika m'thumba. "Limenelo n'chinsinsi cha boma."

"Malo odyera, ndithu. Ndiko umanditengera."

"Ayi."

"Ndiye gulu lachitatulo akudya ndani?"

"Udzaona."

Lesieli anapukuta zala pang'onopang'ono, chimodzichimodzi. Akayamba kutero, Kelepi ankadziwa kuti nthabwala zatha.

"Tamvera, Kelepi. Chaka ndi theka tikukumana m'magalimoto ndi m'malo a tchipisi, kutali ndi maso a abale ako, ngati ndine katundu wakuba. Ine sindidzagwada kupempha malo m'banja mwanu. Ngati ukundifuna, ukanene pamaso pa azakhali akowo, ine ndili pomwepo. Banki yako yakupatsa miyezi itatu yosinthira maganizo. Ine ndakupatsa umodzi. Ukatha, ndisintha gulu."

Ananyamuka, natenganso tchipisi totsala.

Kelepi anatulutsa foni n'kumwetulira. Pansi pa mafuta ndi zakudya panali gulu lachitatu, limene mtsikanayo sanafikepo potsitsa paja: zodzikongoletsera. Ndolo, mikanda, mphete.

* * *

Khadi lija litafika, Kelepi anapita nalo kwa Azakhali. Analowa chowerama n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Azakhali Kalolaine anali pampando wawo waukulu, mapazi ali pamiyendo ya Pisila, amene ankawasisita ndi mafuta a kokonati.

Pisila ameneyu ndiye anali wosankhidwa wa Azakhali: mdzukulu wa abusa, mawu oyamba m'kwaya, ndipo pabeseni la kava ankatunga maso ali pansi ngati wataya singano. Masowo ankadzuka Kelepi akangolowa.

"Wabwera ndi chiyani, mwana wa mchimwene wanga? Nkhope imeneyo ndi ya munthu wogulitsa chinthu."

"Mphatso, Azakhali. Inu ndinu mumasenza banja lonseli. Pachopereka cha pachaka chija, atatchula mokweza m'tchalitchi kuti banja lathu laposa mabanja onse, ndani sakudziwa kuti ndi inu?"

Azakhali anakhosomola, n'kubisa dzanja lamanzere pansi pa nsalu. Kelepi sanaone. Ankayang'ana pakamwa.

"Ndiye mukamagula zakudya, muzidutsitsa ili. Pa dola iliyonse masenti asanu azibwerera, ndipo ndi anu."

"Banki yopatsa munthu ndalama chifukwa wadya? Ndidziwa bwanji kuti sukundidyera masuku pamutu?"

"Foni yanu izikuuzani. Bweretsani. Uthenga uliwonse wa zobwezedwa umene banki izinditumizira, nanunso muzilandira, nthawi yomweyo. Simudzafunika kundifunsa."

Anakwawa n'kuyamba kulumikiza mafoni awiriwo, yekha, ndi manja ake. Pisila anasuzumira paphewa pake, fungo la kokonati lili thoo.

"Iii! Azakhali, taonani gulu lachitatu! Zodzikongoletsera. Kelepi, kodi wayamba kuvala ndolo?"

Azakhali anavala magalasi, anawerenga, anayang'ana Kelepi, kenako Pisila, ndipo nkhope yawo inachita chinthu chimene sinachitepo chiyambire chaka: inamwetulira.

"Mphete," anatero. "Nzeru zabwerera. Ndinadziwa kuti za mpopi uja zidzakuthera. Lamulungu la sabata yamawa tikatuluka m'tchalitchi, banja lonse pakhomo pano. Ndiotcha nkhumba. Uchite zinthu pamaso pa anthu, ngati mwana wa Sitaleki."

Apa munthu wamba akanatsegula pakamwa n'kukonza zinthu. Koma Kelepi sanali munthu wamba, anali wochenjera. Mutu wake unathamanga: banja lonse pamalo amodzi, monga Lesieli anafunira. Oitana Azakhali eni ake. Zakudya zonse zodutsa pakhadi lake. Wopusa aombe ng'oma, wochenjera avine.

"Monga mwanenera, Azakhali," anatero, maso ali pansi kuposa a Pisila.

* * *

Sabata imeneyo foni ya Azakhali inalira ngati mwana wa mbuzi. Ikati ting, iwo ankavala magalasi n'kuwerenga uthengawo mokweza, mawu amodziamodzi ngati ndime ya Malembo, kaya ali m'sitolo kaya pamsonkhano wa amayi. Mount Druitt yonse inadziwa kuti banki yawabwezera madola anayi pa makatoni a nyama.

Foni ya Kelepi nayo inalira Lachitatu masana, koma sinali banki. Lesieli anamutumizira chithunzi: dzanja la mkazi, zikhadabo zopakidwa kumene, pansi pake mawu akuti, "Chala chakonzeka. Gulu lachitatu, Lamulungu lino." Pisila anali atachiika pa intaneti poti aliyense aone.

Uthenga wa Lesieli unatsatira: "Chinsinsi cha boma chatuluka m'nyuzi."

"Si mmene ukuganizira," analemba Kelepi.

"Mawu amenewo amuna mumagawana kuti? Pakava?"

"Ndiimbe?"

"Imba m'kwaya. Mawu oyamba alipo kale."

Anaimbabe. Inaitana kasanu isanayankhidwe.

"Lesieli, wanga—"

"Wako ali ndi zikhadabo zofiira. Ine zanga n'zazifupi, koma zimakanda. Azakhali ako akuotcha nkhumba chifukwa cha ndani?"

"Iwo akuganiza kuti ndi Pisila."

"Nanga iwe unawauza kuti chiyani?"

"Sindinaname. Ndinangokhala chete."

"Ee, chete wa Kelepi. Mapanga awiri, bambo. Mvula yake ikupeza pakati."

"Bwera Lamulungu. Uvale mkeka wako wa m'chiuno wabwino uja, wa pamwambo. Unati ndikanene pamaso pawo iwe uli pomwepo. Ndakusonkhanitsira banja lonse, nkhumba ndi yomwe."

"Ndipo mwana wa eniake uja, wapaka zikhadabo? Ndimadana naye, koma sindinakutume kuti umuyanike padzuwa."

Apa Kelepi anakhosomola.

"Ndibwera," anatero Lesieli. "Osati chifukwa ndakukhulupirira. Ndikufuna ndidzaone nkhope yako. Ukadzagwada kolakwika, ndidzadya nkhumbayo, ndidzakuombera m'manja, ndipo sudzandionanso. Komanso uwauziretu: sinditungira munthu."

Foni inaduka.

* * *

Lachinayi Kelepi anatengana ndi Manase kukafuna mphete. M'sitolo yonyezimira ya m'misika ikuluikulu, mayi wovala magolovesi oyera anawatulutsira imodzi n'kutchula mtengo. Kelepi anafunsa ngati mtengowo ukuphatikiza mkazi ndi nyumba. Mayiyo sanaseke. Anatuluka.

"Pali malo ena kuseri kwa siteshoni ya sitima," anatero Manase. "Kumene amayi athu amapita akapanikizika."

Inali sitolo yopapatiza, yonunkhira mikeka. M'mashelefu munadzaza mikeka yolukidwa bwino ndi nsalu za makungwa zopindidwa, chilichonse chili ndi kapepala ka nambala. Pawindo panali golide. Mwini sitolo, bambo wosakonda mawu, anatulutsa thireyi.

Diso la Kelepi linagwera pa imodzi: golide wakale, wolemera, kamwala kofiira pakati. Mtengo wake sunafike ndi theka lomwe la ija ya magolovesi.

"Toko," ananong'ona Manase, "ukudziwa kuti ano ndi malo a pinyolo? Izi n'zimene eniake analephera kuwombola."

"Golide sakalamba, ndipo sakamba za kwawo. Taona kulemera kwake."

"Nanga banki yako ija? Iwerengera kuti ndi sitolo ya mphete?"

"Ndagula mphete kapena mbuzi? Mphete ndi mphete." Anaitembenuza, n'kuona kachilembo kofufutika mkati mwake. Anakuwa mpaka mwini sitolo anadzidzimuka. "Manase! K! Taona, K! Kelepi! Inalembedwa kale kumwamba. Yakhala ikundidikira pano ngati mkazi wokhulupirika."

Anadutsitsa khadi, makina anati tswii.

"Banki imabweza pakatha masiku atatu," anatero ali panja, kabokosi kali m'thumba la pamtima. "Werenga: Lachisanu, Loweruka, Lamulungu. Ndikamadzuka pogwada, foni izilira. Mkazi kudzanja ili, ndalama kudzanja ili. Ndipo Azakhali adzawerenga okha mokweza kuchenjera kwanga."

"Ine ndidzakhala pafupi ndi geti," anatero Manase.

* * *

Lamulungu dzuwa linawala ngati nalonso laitanidwa. Kuseri kwa nyumba ya Azakhali anakhoma tenti, matebulo atatu atalumikizidwa, nkhumba ili pakati, chinangwa, zilazi, nsomba yaiwisi ya mu mkaka wa kokonati, ndi nyama yokulungidwa m'masamba. Abale anadzaza mpaka kumpanda, aliyense ndi mkeka wake m'chiuno. Azakhali anali pampando wawo kumutu kwa tebulo. Pisila anakhala kudzanja lawo lamanja, dzanja lake lili patebulo poonekera, kuti mphete isavutike kupeza njira.

Pemphero litangotha, geti linalira.

Lesieli analowa yekha. Diresi lakuda, mkeka wa m'chiuno wa agogo ake, mutu uli chilili. Anapereka moni kwa akulu mwaulemu wonse, mawu ake osanjenjemera, n'kuima pakati pa bwalo. Mafoloko anaima m'malere.

"Ameneyu waitana ndani?" anafunsa Azakhali.

"Ine, Azakhali," anatero Kelepi. Anaimirira. 

"Sitaleki, yankhula ndi mwana wako."

Bambo ake a Kelepi anatsegula pakamwa, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mwana wawo, n'kuikamo chilazi.

"Azakhali," anatero Kelepi, "ndinakulira m'manja mwanu. Chilichonse cha m'nyumba mwanga mukaloza n'chanu. Wailesi munatenga, sindinadandaule. Firiji munatenga, ndinakunyamulirani ndekha. Koma mtima simungauloze, chifukwa m'nyumbamo mulibe. Unatuluka kalekale, uli ku Campbelltown." Anatembenukira kwa Pisila. "Mlongo wanga, ndakulakwira. Ndinayenera kuyankhula tsiku lija. Unditukwane, ndalola."

Pisila anachotsa dzanja patebulo pang'onopang'ono. "Mlongo wako ndani?" anatero. Mawu oyamba a m'kwaya aja anatuluka opanda nyimbo. Anaimirira n'kulowa m'nyumba, chitseko n'kuti phwaa.

Kelepi anayenda mpaka pamene panaima Lesieli, anagwada, anatsegula kabokosi.

"Lesieli, undilole—"

"Kweza mawu. A kumpanda sakumva."

"Lesieli! Undilole ndikhale mwamuna wako!"

"Wa m'galimoto kapena wa pamaso pa anthu?"

"Wa pamaso pa anthu! Ndi m'galimoto momwe!"

Wina kumpanda anaphulika kuseka, mkazi wake n'kumutsina. Lesieli anayang'ana Azakhali m'maso, osati mwachipongwe, koma osaphethira. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndalola. Koma kava uzidzitungira wekha."

Mphete inavuta pang'ono pamfundo ya chala, kenako inalowa n'kukhazikika ngati kwawo. Kamwala kofiira kanang'anima padzuwa. Atsikana ena anayamba kaphokoso kachisangalalo, n'kukameza msanga ataona kumutu kwa tebulo.

Azakhali sanakuwe. Sanamenye tebulo. Anangokhala duu, maso ali pa dzanja la Lesieli.

Kelepi anaona chete ameneyo n'kumuyesa chigonjetso. Nthawi yonseyi anali akuyang'ana pakamwa, ndipo pakamwapo panali potseka. Magazi anabwerera m'mutu, ndipo pamodzi ndi magaziwo panabwera Kelepi wa m'galaja uja.

"Manase! Uli kugeti uko, bwera pafupi! Amuna inu, ndinati chiyani? Mkazi uyu. Tsopano tcherani khutu, banki ilire!"

Ngati kuti banki inamumva, mafoni awiri anati ting nthawi imodzi. Ina m'thumba mwake. Ina patebulo, pafupi ndi mutu wa nkhumba.

"Werengani, Azakhali," anatero Kelepi, adakali chogwada, manja atatambasula. "Werengani mokweza, monga mwa masiku onse."

Azakhali anavala magalasi. Dzanja lawo, lopanda kanthu pachala, linanyamula foni, ndipo mawu anatuluka amodziamodzi ngati Malembo.

"'Okondedwa Bambo Kelepi. Pepani, pa zimene munagula Lachinayi simubwezeredwa kanthu. Banki siyang'ana chimene mwagula, imayang'ana kumene mwagula. Sitolo imeneyo kwa ife siili m'gulu la zodzikongoletsera. Ili m'gulu la malo a pinyolo.'"

Bwalo linati zii. Ntchentche inatera pamphuno pa nkhumba, ndipo aliyense anaimva.

"Chikole chochokera ku chikole," inatero nkhalamba ina kumpanda, poganiza kuti ikunong'ona.

"Pinyolo, Kelepi?" anafunsa Lesieli chapansipansi.

"Ndi golide weniweni, wanga! Wolemera! Ndipo inalembedwa kale dzina langa. Mkati mwake muli K, ungathe kuona wekha—"

"Muli K, inde," anatero Azakhali.

Anavula magalasi, anawapinda, anaimirira. Anthu amene anali pamipando anapezeka ali pansi osadziwa kuti atsika liti.

"Anailembetsa ndi malemu amuna anga kwathu ku Nuku'alofa, iwe usanabadwe, bambo ako asanamere ndevu. K ndi Kalolaine."

Pamenepo banja lonse linamvetsa nthawi imodzi chimene chinakweza dzina lawo pamwamba pa mabanja onse pachopereka cha pachaka chija. Palibe anayerekeza kuyang'ana mnzake. Chinsinsi chimene mayiyo anachibisa pansi pa nsalu miyezi yonseyi chinali chikung'anima padzuwa, pachala cha mtsikana amene anamukana.

Azakhali anatambasula dzanja, n'kuloza.

"Mtsikana iwe. Vula mphete yanga."

Lesieli anayang'ana mpheteyo. Anayang'ana mwamuna amene anali pamapazi ake, kuyang'ana kolonjeza kuti mlandu wake ukubwera pawokha. Kenako anapinda zala zake chimodzichimodzi, mpaka dzanja linasanduka chibakera, n'kuliika pamtima.

"Amayi, ine sindinaitole. Andiveka pamaso pa anthu. Mukandilandira, mphete yanu yabwerera m'banja. Mukandikana, bwerani mudzaivule nokha."

Pakati pa chala choloza ndi chibakera chija panali Kelepi, bondo lili m'fumbi, foni ili zii m'thumba. Kalata yomata ija inali itawerengedwa yonse, mpaka sitampa.